KODI MABUKU A CHINYANJA ANAPITA KUTI?

Sabata ino tifuna kukamba za mabuku, makamaka mabuku olembedwa m'chinenero chathu, chimene ku Malawi amati Chichewa ndipo ku Zambia ndi ku Mozambique amati Chinyanja. Ambiri a inu amene muli kugwira nchito kutali ndi kwanu mudziwa kuti munthu akhoza kuyenda tauni yonse, kulowa sitolo ndi sitolo, osapeza ngakhale buku limodzi la nthano za kwao loti awerenge madzulo ataweruka. Kapena mumaganiza kuti chifukwa chache n'chakuti muli m'dziko la eni. Koma ndikuuzeni, abale, kuti ngakhale kumudzi komweko zinthu siziri bwino kwenikweni.

Atsibweni anga anagwira nchito m'migodi ya ku Joni m'zaka za m'ma 1950, ndipo pobwerera kumudzi anadza ndi bokosi lachitsulo lobiriwira, lokhala ndi loko wamkulu. Pamudzi ponse anthu anali kunong'onezana kuti m'menemo muli ndalama. Atamwalira tinalitsekula pamaso pa abale onse, ndipo tinapezamo jekete, chitupa chakale, makalata omangidwa ndi luzi, ndi mabuku 7. Munali Buku Lopatulika, buku la nyimbo za m'chalichi, kabuku kophunzitsa Chingerezi, ndi ena a nthano ndi miyambo. Akali moyo anali kutiuza kuti tsiku la Sabata m'komboni amuna a kwathu anali kusonkhana m'chipinda chimodzi, wina nawerenga mokweza, ndipo osadziwa kuwerenga anali kumthokoza ndi tiyi kapena fodya. Buku limodzi linali kuzungulira zipinda zonse mpaka chikuto chitada bii.

Limodzi mwa mabuku a m'bokosimo linali Nchowa, lolembedwa ndi Bambo Samuel Josia Nthara. Tsoka lache bokosilo linabooka pansi ndi dzimbiri, chiswe chinalowa nichidya masamba a kumapeto. Ine ndaliwerenga katatu bukuli, koma kufikira lero sindidziwa kuti mkazi uja anathera kuti.

Chaka chatha ndinati ndikagule lina. Ndinalowa m'masitolo 5 a mabuku, ena ku Lilongwe ena ku Blantyre. M'sitolo yomaliza ndinapeza mai wina waulemu ndithu, ndipo ndinati, "Mai, kodi muli nalo buku la Nchowa?"

Iwo anati, "Ndi la kalasi yanji, bambo?"

Ndinati, "Si la kalasi iai, mai, ndi longowerenga."

Anandiyang'ana pang'ono nati, "Pepani bambo, ife timasunga a pa silabasi. Koma Nthondo alipo, ndi wa mlembi yemweyo."

Ananena zoona. Nthondo analipo, watsopano, wachikuto chonyezimira, pakuti buku limeneli linasankhidwa kukhala la mayeso a MSCE. Mlembi ndi mmodzi, mabuku onse awiri ndi akale, koma lina liri pa shelefu ndipo lina silioneka konse. Sindiwaimba mlandu mai aja, kapena mwini sitoloyo. Wamalonda amasunga chimene chimayenda. Chofunika kufunsa n'chakuti, kodi tinafika bwanji pamenepa? Tiyeni tibwerere m'mbuyo tione njira imene buku lathu layenda.

MAKINA A AMISHONI

Mabuku oyamba osindikizidwa m'dziko lathu anadza ndi amishoni. A Livingstonia anafika ku Cape Maclear m'chaka cha 1875, a Blantyre m'chaka cha 1876, ndipo a Dutch Reformed anamanga ku Mvera m'chaka cha 1889. Onsewa anaona msanga kuti sangathe kuphunzitsa popanda mabuku, chotero anaitanitsa makina osindikizira nayamba kuphunzitsa anyamata a kuno nchitoyo. Inali nchito yofuna mtima wodekha. Chilembo chiri chonse chinali kachitsulo pachokha. Mnyamata anali kutola tizitsulo timeneto kamodzikamodzi m'kabati ya tizipinda tambiri, kutindandalika mpaka mzere utakwana, mizere mpaka tsamba litakwana. Akatha kusindikiza anali kutsuka inki ndi kubwezera chilembo chiri chonse m'kachipinda kache, kuti mawa ayambe tsamba lina. Ku Blantyre, ku Livingstonia ndi ku Nkhoma, ndipo pambuyo pache ku Likuni, ku Limbe ndi ku Malamulo, kunali nyumba zotere, ndipo amisiri ophunzira kumeneko anali kupeza nchito ngakhale m'maiko ena.

M'chaka cha 1892 Mbusa David Clement Scott wa ku Blantyre anatulutsa buku lalikulu lomasulira mau a Chimang'anja, limene Mbusa Alexander Hetherwick analikonzanso nalitulutsa m'chaka cha 1929. Buku Lopatulika lathunthu linatuluka m'chaka cha 1922, patapita zaka zoposa 20 za nchito imene Mbusa William Murray anatsogolera pamodzi ndi aphunzitsi ndi akulu a mpingo a kuno komwe. Mbali yaikulu ya nchitoyo anaigwirira pa phiri la Kaso pafupi ndi Mvera.

Chimene tiyenera kuzindikira pano ndi ichi: buku la mishoni silinali kusowa njira yofikira kwa munthu. Mishoni inali ndi sukulu m'midzi yambirimbiri, ndipo mphunzitsi ali yense popita ku stesheni kukalandira malipiro ache anali kubwerako ndi mabuku m'thumba. Mphunzitsiyo ndiye anali sitolo. Ndiponso amishoni sanali kufuna phindu la ndalama, motero mtengo unali wotsika. Inde, anali kusindikiza zokhazo zimene zinawakomera iwo, ndipo munthu wofuna kumva zabwino za gule wamkulu sakadazipeza m'mabuku ao. Komabe buku linali kufika m'manja.

MPHUNZITSI WA KU NKHOMA

Bambo Nthara anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma. Bungwe lina la ku London, la International Institute of African Languages and Cultures, linali kuchititsa mipikisano ya mabuku olembedwa ndi anthu a mu Africa m'zinenero zao, ndipo m'chaka cha 1933 buku lao la Nthondo linalandira mphotho. Ndi nkhani ya munthu mmodzi kuyambira kubadwa mpaka kufa: mwana wobvuta wa pamudzi, amene anapita kutali kukafuna nchito monga ambiri a inu, nabwerera, nalowa ufumu, natembenuka mtima. Mbusa T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi ndipo linatuluka ku London m'chaka cha 1934 ndi dzina lakuti Man of Africa. Mbusa yemweyo anamasuliranso mbiri ya mfumu Msyamboza imene Bambo Nthara analemba, niituluka m'chaka cha 1949. Buku lao lina lodziwika, Mbiri ya Achewa, linatuluka m'zaka za m'ma 1940, ndipo la Chingerezi lache linasindikizidwa ku Germany m'chaka cha 1973.

Chomvetsa chisoni n'chakuti wophunzira wa ku London kapena ku Edinburgh angathe kuwapeza Bambo Nthara mosabvuta m'malaibulale a kwaoko, pamene mdzukulu wa anthu omwe iwo anawalembera ayenda masitolo 5 nabwerako ndi buku limodzi.

OFESI YA KU LUSAKA

Nthawi imene mabuku a atsibweni anga anagulidwa inali nthawi yabwino ya buku la Chinyanja, ndipo pali chifukwa chache. M'chaka cha 1937 ku Ndola kunakhazikitsidwa komiti yoona za mabuku a anthu akuda, ndipo m'chaka cha 1948 maboma a Northern Rhodesia ndi Nyasaland anagwirizana kukhala ndi ofesi imodzi ku Lusaka, ya Publications Bureau. Nchito yache inali yotere. Mphunzitsi, kalaliki kapena mlaliki amene analemba nkhani yache m'kope anali kuitumiza kumeneko. Akonzi anali kuiwerenga, kuikonza, ndipo ikakhala yabwino anali kupangana ndi makampani akulu osindikiza mabuku, monga Longmans, Macmillan ndi Oxford University Press. Makampani amenewa pa okha sakadalimba mtima kutaya ndalama pa kabuku ka Chinyanja, koma ofesiyo inali kuwatsimikizira kuti mabukuwo adzagulidwa ndipo iwo sadzaluza. Inali kuchitanso chimodzimodzi ndi Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chitumbuka ndi zinenero zina, ndiponso inali kuchititsa mipikisano kuti ipeze alembi atsopano.

M'zaka zimenezo anthu anali kuwerenga Nzeru za Kale la Bambo Stevenson Kumakanga, Mbiri ya Amang'anja ndi Kazitape a Bambo E. W. Chafulumira, Ukawamba la Bambo Lester Nkomba, ndi Maliro ndi Miyambo ya Achewa la Bambo A. J. Makumbi. Anali mabuku ang'ono, opyapyala, okwana m'thumba la jekete. Kena ka m'bokosi la atsibweni kali ndi mtengo wache kuseri, 1/6, ndiko kuti sheleni imodzi ndi makobiri 6. Munthu wa pa tikiti akadatha kugula kamodzi pakutha pa mwezi osagona ndi njala.

Tsono taonani kukula kwa msika wache. Buku limodzi lomwelo linali kugulidwa ku Zomba ndi ku Lilongwe, ku Fort Jameson kumene lero amati Chipata, ku migodi ya mkuwa ya ku Kitwe ndi Luanshya, ndiponso ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku Joni kumene amuna a kwathu anali ambiri. Kumene kuli ogula ambiri osindikiza amasindikiza ambiri, ndipo akasindikiza ambiri mtengo wa buku liri lonse umatsika. Mfundo imeneyi muisunge, pakuti tidzabwereranso kwa iyo.

Tisaiwale kuti ofesiyo inali ya Boma la Atsamunda. Inali kukonda nthano, miyambo, ulimi, ukhondo ndi malangizo a m'banja. Munthu wolemba zotsutsa Chitaganya anadziwa yekha kuti kope lache asalitumize ku Lusaka.

UFULU UTABWERA

Chitaganya chinatha m'chaka cha 1963, ndipo m'chaka cha 1964 Malawi ndi Zambia analandira ufulu. Ali yense anayenda njira yache, ndi mabuku omwe. Ku Zambia nchitoyo inagwera m'manja mwa Kenneth Kaunda Foundation, imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1966. Ku Malawi, m'chaka cha 1968, chinenerocho anachisintha dzina kukhala Chichewa nachiika kukhala chinenero cha dziko lonse pamodzi ndi Chingerezi. M'chaka cha 1972 kunabadwa Chichewa Board, imene chaka chotsatira inatulutsa malamulo atsopano a kalembedwe. A ku Zambia anakhalabe ndi kalembedwe kao, kolemba "c" pamene a ku Malawi alemba "ch". (Ife amene tinayamba sukulu malamulowo asanabwere mutikhululukire, dzanja linazolowera kale.) Kusiyanako kuoneka kwakung'ono, ndipo munthu wamkulu awerenga zonse ziwiri osapunthwa, koma sukulu za dziko lina sizinathenso kulandira buku la dziko linzache. Msika uja umene unali umodzi unang'ambika pakati.

Sitinena kuti buku linafa pomwepo iai. Zaka zimenezo zinatipatsa Sikusinja ndi Gwenembe ndi Kukula ndi Mwambo a Bambo John Gwengwe, Ntchito ya Pakamwa la Bambo E. J. Chadza, ndi Mkwatibwi Wokhumudwa la Bambo P. P. Litete. Boma linali ndi bungwe lache logulitsa mabuku, la Malawi Book Service, lokhala ndi masitolo m'matauni, ndipo ndilo linali kupereka mabuku m'sukulu. Lamulo lokhazikitsa National Library Service linabvomerezedwa m'chaka cha 1967. Mipingo inagwirizana kuyambitsa CLAIM m'chaka cha 1968, ndipo masitolo ache anafika m'maboma ambiri. Kampani ya Dzuka inayamba m'chaka cha 1975. Ku Limbe, a Montfort, amene anali kutulutsa kale magazini ya Moni, anayamba kusindikiza timabuku ta alembi a Chimalawi pansi pa dzina la Popular Publications. Amene munali anyamata m'zaka za m'ma 1980 mukumbukira Njala Bwana ndi Madzi Akatayika a Bambo Willie Zingani, ndi Mtima Sukhuta la Bambo Jolly Ntaba. Mabuku amenewa tinali kubwerekana pansi pa desiki, ndipo wobwereka akachedwa kubweza panali kubuka ndeu. Panalibe amene anafunsa kuti ndi a kalasi yanji.

Koma panali mthunzi wina. M'chaka chomwecho cha 1968 kunakhazikitsidwa lamulo loletsa mabuku ndi zithunzi zosayenera, ndipo pofika 1975 bungwe loona zimenezi linali litaletsa mabuku oposa 800. Mlembi anali kulemba ali cheucheu. Buku la ndakatulo la Dr Jack Mapanje, Of Chameleons and Gods, limene linatuluka ku London m'chaka cha 1981, linachotsedwa m'masitolo ndi m'sukulu, ndipo mwini wache anakhala m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Alembi a Chichewa, amene mau ao amamveka kwa ali yense, anayenera kusamala koposa, chotero ambiri anakhazikika pa nkhani za chikondi, ufiti ndi ulesi.

CHAKA CHA 1994

Zipani zambiri zitabwera m'chaka cha 1994 pakamwa panatseguka, ndipo tinayembekeza kuti mabuku adzasefukira. Boma latsopano linachotsa fizi ku pulaimale, ndipo ana a sukulu anachuluka kuchoka pa 1,900,000 kufika pafupifupi 3,000,000 m'chaka chimodzi. Ogula ndi amenewo, tinatero.

Zinayenda mwina. Malawi Book Service inatsekedwa chapakati pa zaka za m'ma 1990, pamene Boma linali kuchotsa dzanja lache m'malonda ambiri. Makampani atsopano osindikiza mabuku anabadwa, koma pafupifupi onse anathamangira ku mabuku a sukulu, pakuti kumeneko ndiko kuli ndalama zotsimikizika. A ku pulaimale amakonzedwa ndi Malawi Institute of Education ku Domasi, ndipo amalipiridwa ndi Boma pamodzi ndi maiko othandiza. Kawirikawiri amasindikizidwa kunja ambiri nthawi imodzi, natengedwa pa malole kupita ku sukulu osadzera m'sitolo. A ku sekondale amayamba abvomerezedwa ndi Unduna wa Maphunziro, ndipo buku likalowa pa mndandanda umenewo mwini wache amagona tulo. Likatsala kunja, latsala. Mwini sitolo, amene kale anali kupeza phindu lache pa mabuku a sukulu nasungirako a nthano pambali, tsopano adalira makope, zolembera, makhadi a ukwati ndi mabaibulo. Pamwamba pa izi, lamulo la maphunziro la chaka cha 2013 linaika Chingerezi kukhala chinenero chophunzitsira kuyambira Standard 1, ndipo Chichewa chinatsala phunziro limodzi mwa maphunziro ena.

Zabwino sizinasowe. Buku Loyera, Baibulo la m'Chichewa cha masiku ano, linatuluka m'chaka cha 1998. M'chaka cha 2000 a Centre for Language Studies ku Zomba anatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja, buku lomasulira mau a chinenero chathu m'chinenero chomwecho, chinthu chimene Scott ndi Hetherwick sanachite. Bambo Stanley Onjezani Kenani anamasulira sewero la William Shakespeare la Romeo ndi Juliet m'Chichewa. Koma mukayang'anitsa mudzaona kuti kumbuyo kwa mabuku otere kuli mpingo, sukulu ya ukachenjede kapena mayeso. Buku loima palokha, longodalira munthu wolowa m'sitolo ndi ndalama zache, ndilo lasowa.

Wina adzati Amalawi sakonda kuwerenga. Mau amenewa ndawamva kawirikawiri pa misonkhano, ndipo onena ache amakhala anthu amene m'nyumba zao mabuku ali mbwee. Ine sindiwabvomereza. William Kamkwamba wa ku Kasungu analeka sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, makolo ache atasowa fizi. Anayamba kupita ku kalaibulale ka pa sukulu ya Wimbe, napezako buku lakuti Using Energy. Linali la Chingerezi, chimene iye sanali kuchidziwa bwino, motero anadalira kwambiri zithunzi. Ndi zitsulo zotola kudzala anamanga makina a mphepo opanga magetsi pakhomo pa atate ache. Mbiri yache inatuluka m'buku m'chaka cha 2009 ndi m'kanema m'chaka cha 2019. Mnyamata ameneyu sanasowe chilakolako cha kuwerenga. Chimene chinamthandiza n'chakuti panali shelefu ya mabuku pa mtunda woti n'kufika wapansi.

CHIFUKWA CHACHE BUKU LIKWERA MTENGO

Tibwerere ku mfundo ija tinasunga. Pokonza buku pali ndalama zimene zimatuluka kamodzi kokha: kulipira mkonzi, woika mau m'masamba, wojambula chikuto, ndi kukonzekeretsa makina. Ndalama zimenezi ndi zomwezo kaya musindikize mabuku 500 kaya 10,000. Mukasindikiza 10,000 katunduyo agawana mabuku ambiri ndipo liri lonse lisenza pang'ono. Mukasindikiza 500 liri lonse lisenza zambiri, mtengo ukwera, ogula achepa, ndipo ulendo wotsatira wosindikiza aopa nasindikiza 300. Ndi momwemo chinthu chimazilala.

Mapepala osindikizira mabuku, inki ndi zipangizo za makina zimachokera kunja ndipo zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti m'chaka cha 2022, nitsitsidwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo nthawi zonse ziwiri mtengo wa pepala unalumpha. Pa mtengo umene wogula alipira, mwini sitolo atengapo gawo lache, wonyamula gawo lache, wosindikiza gawo lache, ndipo mlembi kawirikawiri alandira gawo limodzi mwa magawo 10, ngati alandira. Palinso makina a fotokope. Buku la mayeso likakwera mtengo, mphunzitsi agula limodzi ndipo kalasi yonse ijambula. Bungwe la COSOMA, limene linayamba nchito m'chaka cha 1992 kuti liteteze eni nyimbo ndi eni mabuku, limayesetsa, koma kholo la ana 6 lisankha chotsika mtengo, ndipo n'kobvuta kulidzudzula.

Chifukwa cha ichi alembi ambiri lero amadzisindikizira okha. Munthu asonkhanitsa ndalama zache, asindikiza mabuku mazana owerengeka, nachita phwando lokhazikitsa bukulo mu holo. Aitana mlendo wolemekezeka, ndipo buku loyamba ligulidwa pa mtengo wopikisana, abale ndi mabwenzi naomba m'manja. Tsiku limenelo ndalama zina zibwerera. Otsalawo ayenda nao m'chikwama kapena m'buti ya galimoto, kugulitsa kwa odziwana nao. Pakapita zaka ziwiri bukulo silipezekanso pali ponse, ndipo munthu wa ku Nsanje kapena ku Mchinji sanamve n'komwe kuti linatuluka. M'mbali mwa miseu ya m'matauni muli ogulitsa mabuku akale oyalidwa pansi, koma pafupifupi onse ndi a Chingerezi, otsala a anthu a kutsidya kwa nyanja, pakuti a Chinyanja sanachuluke mokwanira kuti atsale.

LAMYA YA M'THUMBA

Tsopano kwadza lamya ya m'manja, ndipo ambiri a inu muli nayo m'thumba limene atsibweni anga anali kuikamo kabuku. Akulu ena amati ndiyo yapha kuwerenga. Ine ndiona mwina. Sindikhulupirira kuti inalipo nthawi imene anthu ambiri chotere anali kulemba ndi kuwerenga Chichewa tsiku ndi tsiku monga achitira lero pa WhatsApp ndi pa Facebook. Pali anyamata ndi atsikana amene amalemba nthano zazitali pa Facebook, gawo limodzi lero lina mawa, ndipo akachedwa owerenga amakalipa monga tinali kukalipirana ife pa Njala Bwana. Buku Lopatulika lomwe liri pa lamya, ndipo m'chalichi mudzaona anthu atsekula ndime ndi chala. Pamene wailesi yotsika mtengo ija ya Saucepan Special inafika m'chaka cha 1949, anthu nayamba kumva Chinyanja kuchokera ku Lusaka, mabuku sanaleke kugulidwa, ndipo zaka zotsatira ndizo zinali zabwino zija.

Lamya yathetsa bvuto limodzi lalikulu, la njira. Buku limene kale linali kuyenda pa sitima, pa lole ndi pamutu lingathe tsopano kuchoka ku Zomba ndi kufika ku Johannesburg, ku Harare kapena ku Leeds m'kamphindi, ndipo malire a Mchinji salidziwa. Msika uja unang'ambika m'chaka cha 1964 ungathe kulumikizidwanso. Koma yasiya mabvuto ena awiri. Loyamba, wolemba nthano pa lamya salandira kanthu, alibe mkonzi womuongola monga anachitira a ku Lusaka, ndipo akapeza nchito kapena banja amaleka. Nkhani yache imatayika pamodzi ndi lamya ikagwera m'madzi. Lachiwiri, lamya singatumize buku limene palibe analiikamo. Kuti Nchowa, Kazitape kapena Ukawamba afike pa lamya yanu, pafunika munthu apeze buku lathunthu, apemphe chilolezo kwa eni ache, akhale pansi alilembenso tsamba ndi tsamba. Nchito imeneyi siifuna ndalama zambiri monga kusindikiza, ndipo ophunzira ochepa a ku koleji akadaitha m'nyengo imodzi ya holide. Ku National Archives ku Zomba, kumene lamulo la chaka cha 1947 limauza osindikiza a m'dziko muno kuti azipereka buku liri lonse limene atulutsa, kuli mabuku akale ambiri. Kumeneko munthu amawerengera pomwepo, sabwereka kupita nalo kunyumba, ndipo mlimi wa ku Dowa sangakwere basi kupita ku Zomba chifukwa cha nthano.

Ena ali m'mabokosi. M'midzi ya ku Dedza, Ntcheu, Lilongwe, Katete ndi Angonia mukali mabokosi achitsulo onga la atsibweni anga, pansi pa bedi kapena pamwamba pa phaso, ndipo chaka chiri chonse mvula ndi chiswe zichepetsa zimene ziri m'katimo. Inu amene mupita kumudzi pa Khirisimasi, pemphani agogo akutsekulireni, mutulutse mabukuwo, muwaanike pamthunzi, muwakulunge m'pepala la pulasitiki. Mulembere Mkonzi wa nyuzi ino maina a mabuku amene mwapeza, mlembi wache ndi chaka chache, ndipo tidzayesa kusindikiza mndandanda wache pa tsamba lino.

Ndipo ngati alipo wina amene ali ndi Nchowa wathunthu, chonde anditumizire zithunzi za masamba 10 omaliza kudzera kwa Mkonzi. Ndidzabweza ndalama zimene adzaononge.